Lee, Dillon, RCBS kapena Hornady: choyezera onga chiti chikuyenera zipolopolo za pisito?

Kwa amene amadzaza okha zipolopolo, onga wa chipolopolo cha pisito ndi wochepa zedi, ndipo mavuto onse a zoyezera amachokera pamenepo. Muyeso wake ndi grain. Ma grain 7,000 amakwana paundi imodzi, ndiye grain imodzi ndi pafupifupi 0.065 ya galamu. Choyezera chikaphonya ndi 0.2 grain pa chipolopolo cha mfuti yaitali chofuna ma grain 40, chaphonya theka la 1 peresenti basi. Kuphonya komweko pa pisito yofuna ma grain 4 ndi 5 peresenti, ndipo ndi onga wopsa msanga mukhoza kupitirira malire a m'buku la miyeso ya onga musakudziwa. Zoyezera zonse tikambe pano sizidziwa kulemera. Zimangodzaza kabowo n'kukhuthula, ndipo chonena zoona ndi sikelo.

Tiyambe ndi Auto-Disk ya Lee Precision ya ku Hartford, Wisconsin, poti ndi yotsika mtengo ndipo ambiri amayambira pamenepo. Imabwera ndi madisiki anayi, iliyonse ya mabowo asanu ndi limodzi, kuyambira 0.30 cc mpaka 1.57 cc. Mumaimanga pamwamba pa die (kachitsulo komangidwa pa makina odzazira zipolopolo) yotambasula kukamwa kwa chigoba cha chipolopolo. Chigoba chikakwera chimakankha disiki, bowo lifike polunjika, onga ugwe. Popanda chigoba palibe chotsika. Ubwino wake waukulu ndi woti bowo silingasunthe lokha, chifukwa palibe sikulu yomasuka. Koma pomwepo ndi pamene imakwiyitsa: bowo ili likupatsani onga wochepa, lotsatira likupatsani wopitirira, ndipo muyeso mukuufuna uli pakati. Tchati cha Lee musachitenge ngati lamulo. Nthawi zambiri bowo limagwetsa onga wopepukirapo kusiyana ndi zolembedwazo, choncho tchati n'chongokuuzani bowo loyambira. Onga wa timibulu tosalala kwambiri monga H110 umadontha pansi pa disiki. Pro Auto-Disk ili ndi kalabala kochepetsa zimenezi, koma amene akugula lero angachite bwino kutenga Auto-Drum ya kampani yomweyo, imene kabowo kake mumakakulitsa kapena kukachepetsa ndi kakiyi.

Dillon Precision ya ku Scottsdale, Arizona, inatsata njira ina. Choyezera chake chili ndi kachitsulo kotsetsereka, ka bowo losinthidwa ndi bawuti. Pa pisito ikani kachitsulo kakang'ono. Chimene chimasokoneza anthu apa ndi chakuti die imodzi ikugwira ntchito ziwiri, kutambasula kukamwa kwa chigoba ndi kukankha kachitsuloko. Die ikakhala m'mwamba, kachitsulo sikafika kumapeto, onga umagwa wosakwanira, mwinanso osagwa n'komwe. Mukaitsitsa mopitirira, kukamwa kumatambasuka kwambiri ndipo zigoba zimang'aluka msanga. Itsitseni pang'onopang'ono, kota ya kuzungulira nthawi imodzi, mpaka kachitsulo kafike kumapeto ndipo mutu wa chipolopolo uzikhazikika pakamwa osagwa. Mukatero mpamene mukhudze bawuti ya onga, osati kuyambira kumeneko. Pali ndodo ina ya m'mbali yobweza kachitsulo. Kankhirani chogwirira cha makina kutsogolo ngati mukuika primer (kanthu ka pansi pa chigoba koyatsa onga), n'kumanga nati yake mpaka sipuling'i ipanikizike pang'ono. Ikakhala yolobodoka, kachitsulo sikabwerera mokwanira kukatunga onga wina. Kwa munthu wodzaza zipolopolo za 9mm mazanamazana pa makina a Dillon a mtundu wa 550 kapena 750, ichi timachikhulupirira kuposa zinazo.

RCBS Uniflow ndi Hornady Lock-N-Load n'zofanana kapangidwe: dilamu yachitsulo yozungulira, kabowo kake mkati. Cholakwika chofala n'kugwiritsa ntchito dilamu yaikulu ya mfuti zazitali poyeza onga wa pisito. Mu dilamu yaikulu, ma grain ochepa amangoyala pansi pa bowo lotakata, ndipo kupotoza sikulu pang'ono chabe kumasintha muyeso kwambiri. Gulani dilamu ya miyeso yaing'ono, imene ndi silinda yaing'ono ya Uniflow kapena rotor ya pisito ya Hornady, bowo likhale lopapatiza ndi lakuya. Hornady yaposa potere kuti kachitsulo kokhala ndi muyeso kamazuka mukadina kabatani, ndiye mutha kusunga kamodzi pa onga uliwonse. Redding ya ku Cortland, New York, ili ndi Competition 10X yopangidwira miyeso yaing'ono, ya micrometer (sikulu yokhala ndi manambala) yoti mulembe nambala n'kudzabwererapo. Ndi yodula, koma pa ntchito ya pang'onopang'ono imayenera ndalama yake.

Zoyezera za dilamu zikakhala pa sitandi yakeyake zili ndi phindu limene makina othamanga monga a Dillon aja alibe. Mumadzaza zigoba 50 m'thabwa lake, n'kuunika ndi tochi mzere ndi mzere musanaike mutu uliwonse. Pa chipolopolo cha .38 Special zimenezi si zocheza. Chigoba chake n'chachitali chifukwa chinapangidwira onga wakuda wakale, moti onga wamakono wopsa msanga umalowamo kawiri osasefukira. Chigoba chopanda onga n'choopsanso: primer yokha imakankhira mutu m'paipi n'kukakamira, ndipo chipolopolo chotsatira chimaupeza momwemo.

Mtundu wa onga umasintha zotsatira kuposa dzina la kampani. Winchester 231 ndi Vihtavuori N320 amayenda bwino pafupifupi m'zonsezi, kusiyana kwake osapitirira 0.1 grain choyezera chikakhala bwino. Wa timapepala tikulutikulu monga Unique umapingasana pakhomo pa bowo laling'ono, chigoba ichi chilandire wochepa, chotsatira chilandire ndi wotsalira uja. Amene ali ku South Africa ndipo amagwiritsa ntchito onga wa Somchem MP200 kapena MS200 atenge miyeso m'buku la Somchem lomwelo, ndipo lamulo la mfuti la 2000 kumeneko limafuna laisensi ya mfutiyo munthu asanadzaze zipolopolo zake.

Chilichonse mwasankha, chatsopano chimasuleni ndi kuchipukuta ndi sipiriti, chifukwa timafuta toteteza dzimbiri timamatitsa onga. Tionga tikamamatira m'mbali mwa chibotolo cha pulasitiki chosungira onga pa choyezeracho, imeneyo ndi static, ndipo imachepa onga wa graphite ukadutsamo kangapo. Ikani kachitsulo kotchinga mkati mwa chibotolo kuti kulemera kwa onga wa pamwamba kusasinthe wa pansi, ndipo musadikire kuti utsike mpaka pansi musanaonjezere. Mukapotoza sikulu, miyeso khumi yoyamba ibwezereni m'chibotolo. Kenako yezani khumi, umodziumodzi, kuti muone wopepukitsa ndi wolemeretsa. Kuiyeza pamodzi n'kugawa ndi 10 kumabisa umene waphonya. Dzanja lanu liziyenda mofanana nthawi zonse: kapu ya ufa mukaigogoda imalowa wambiri, ndipo kabowo ka onga n'chimodzimodzi. Sikelo nayo iyeseni ndi miyala yake yoyesera, kutali ndi fani ndi zenera.

Patebulo pazikhala chitini chimodzi chokha cha onga, ndipo dzina lake lilembedwe pa chibotolo. Mukamaliza, bwezerani wotsala m'chitini chake tsiku lomwelo, chifukwa onga wokhala ndi nitroglycerin monga Bullseye ndi Titegroup umadya pulasitiki ukagonamo.