India, Australia kapena South Africa: timu yoichemerera ndi iti?

Loweruka lina madzulo tili pa Chinamwali, mnzanga amene wangoyamba kukonda kiriketi anandifunsa kuti timu yamphamvu kwenikweni panopa ndi iti, kuti ayambe kuichemerera. Zaka makumi awiri zapitazo ndikanamuyankha osaganiza n'komwe, chifukwa Australia inatenga World Cup katatu kotsatizana, mu 1999, 2003 ndi 2007. Lero yankho likudalira mtundu wa masewero amene mumakonda, komanso nthawi imene mungakhale maso kuti muonere.

Tiyambe ndi India, chifukwa ndalama za kiriketi zinasamukira kumeneko. IPL, ligi ya ku India ya masewero aafupi otchedwa T20, inayamba mu 2008, ndipo akatswiri a maiko onse amathamangirako chaka ndi chaka. Pa ndalama zimene ICC, bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse, ikugawa kuyambira 2024 mpaka 2027, bungwe la kiriketi la India lokha likulandira kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa masewero aafupi zipatso zake zikuoneka: anatenga T20 World Cup ya 2024 ku Barbados, kenako Champions Trophy ya 2025 ku Dubai. Nthawi yake ndi yabwinonso kwa ife, masewero ambiri a IPL amayamba 4 koloko madzulo, munthu ukungoweruka. Koma pa Test, ya masiku asanu ija, mpanda wawo wagumuka. Kuyambira kumapeto kwa 2012 palibe mlendo anawagonjetsa pa series kwawo, mpaka New Zealand inawakwapula 3-0 mu 2024, South Africa n'kudzabwereza 2-0 mu November 2025.

Australia ilibe chuma chofika pamenepo, koma tsiku la fainolo imakhala ina. Pa fainolo ya World Cup pa 19 November 2023 ku Ahmedabad, India inafika pakwawo itapambana masewero onse khumi, bwalo lonse lili buluu, mtundu wa yunifomu yawo. Travis Head wa Australia anamenya ma run (mapointi a kiriketi) 137, khamu lonse lija linangoti zii, anyamata a Pat Cummins n'kunyamula chikho chawo chachisanu ndi chimodzi. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti oponya mpira awo odalirika, Starc, Hazlewood, Cummins ndi Lyon, onse anadutsa zaka 30. Chinanso, Test ya ku Melbourne imayamba cha m'ma 1:30 usiku kuno. M'nyengo ya dzinja, mvula ikutsika m'phiri la Zomba magetsi n'kuzima, mumangodzamva zotsatira m'mawa pa foni.

Ine mtima wanga uli kwa South Africa, ndipo sindibisa. Kwa zaka zambiri timuyi inkafika pakhomo pa chikho n'kubwerera manja lendelende. Ku Barbados kuja anali iwowo amene analephera ndi ma run 7 okha. Ndiye mu June 2025 ku bwalo la Lord's ku London, pa fainolo ya World Test Championship, anafunika ma run 282 kuti agonjetse Australia. Kagiso Rabada anali atagwetsa mawiketi 9 (kutulutsa omenya mpira a Australia) pa masewero onsewo. Aiden Markram anamenya 136. Chimene sindidzaiwala ndi kaputeni Temba Bavuma akuthamanga motsimphina, mnofu wa ntchafu utakokeka, koma osatuluka m'bwalo mpaka atafika 66. Chinali chikho chawo choyamba cha ICC kuchokera mu 1998, ndipo anachilanda kwa eni ake a mafainolo. Masewero awo a pakhomo ali pa nthawi yathu yomweyi, palibe kuwerengera maola.

Vuto lawo ndi thumba. Kumayambiriro kwa 2024 anatumiza ku New Zealand timu ya osewera ambiri atsopano chifukwa akatswiri anali ku SA20, ligi ya kwawo ya T20 imene matimu ake onse asanu ndi limodzi eni ake ndi a IPL. Amaseweranso ma Test ochepa poyerekeza ndi India, Australia ndi England, amene amachezerana masewero asanu asanu. Zimenezi zimandiopsa ndikakumbuka West Indies, akatswiri a 1975 ndi 1979, amene analephera ngakhale kufika ku World Cup ya 2023.

England ndi New Zealand musazipeputse, ngakhale Afghanistan imene inagonjetsa Australia n'kufika mu semifainolo ya T20 mu 2024. Koma mnzanga uja ndinamuuza kuti ngati akufuna ma six (kumenya mpira mpaka kunja kwa bwalo) ndi phokoso la madzulo atsate India, ngati akufuna timu imene sinjenjemera pa fainolo atsate Australia. Iye anasankha South Africa nditangomuuza kuti World Cup ya 2027 idzachitikira ku South Africa, Zimbabwe ndi Namibia. Tayamba kale kusunga ya basi yodutsa pa Mwanza ndi Tete kupita ku Harare.