Chimbale changa chachibwibwi ndi wokonza mawailesi wa ku Malangalanga

Ndili ndi zimbale 40 m'katoni ya nsapato, zambiri za kwaya, zina anasiya malemu bambo a kunyumba. Ana amandiseka kuti anzanu onse ali pa fulashi, inu mukadali komweko. Aseke. Chimene chinandikweza minibasi mwezi wathawu ndi chimbale cha kwaya yathu ya amayi chimene tinajambulitsa mu 2009. Pa wailesi yanga ku Area 25 chikangofika nyimbo yachitatu chimagwidwa chibwibwi, "ale-ale-ale", mpaka munthu udzuke ukadine batani. Koma chomwecho m'galimoto ya alamu anga chinaimba kuchokera ku Kanengo mpaka ku Mponela osadumpha ndi kamodzi komwe, mabampu onse aja.

Ndinayamba ndachita ung'anga wanga. Mnzanga wa kumpingo anati ndipake mankhwala otsukira mano, ine n'kupaka, n'kupukuta ndi chitenje mozungulira ngati ndikukwecha mbale ya nsima. Chibwibwi chija chinafalikira ku nyimbo yachinayi.

Amene anandilozera mnyamata wokonza mawailesiyu ndi alamu omwewo. Kashopu kake kali cha ku Malangalanga, kalibe ndi chikwangwani chomwe, mumangokazindikira ndi mulu wa ma TV akufa pakhomo. Ndinapita ndi wailesi yonse m'chikwama cha ukwati watha, ndili wokonzeka kuuzidwa kuti ndigule ina.

Sanathamangire sikuludiraiva. Anatenga chimbale chija, kuchipendeketsa padzuwa, n'kuyamba kuseka.

"Amayi, mwachipukuta ndinu?"

"Ndine, achimwene. Ndalakwa?"

"Mikwingwirima yozungulirayi ndi yanu. Iyi yowongokayi ndi yakale, ndipo siyoopsa kwenikweni."

Anandifotokozera kuti nyimbo pa chimbale zili pa kamzere kamodzi kozungulira, koyambira pakati kupita kunja, kotalika makilomita oposa 5 pa kambale ka masentimita 12 kokha. Kukalika kodula kamzereko kumaononga pang'ono pamalo ambiri, ndipo makina amatha kukwaniritsa okha posowapo, chifukwa kuyambira pomwe Sony ndi Philips anatulutsa zimbalezi mu 1982 anaikamo kale njira yokonzera zolakwika, yotha kutseka mpata wa mamilimita awiri ndi pang'ono. Koma kukalika kotsatira kamzereko kumadya mawu ambiri otsatizana, nthawi zina n'kusokeretsa diso la makina kuti lilowe mzere wina. Chibwibwi chimachokera pamenepo. Ndiye chimbale chimapukutidwa kuchokera pabowo kupita m'mphepete, ndi kansalu kofewa. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo.

Kenaka anachiyesa ine ndikuona, m'makina atatu. M'wailesi yanga chinakakamira pomwe paja. Mu DVD yake yakale chinadutsa, kungomveka kakuthetheka kamodzi. Mu laputopu chinazungulira mwaphokoso, n'kuwerenga chonse. Apa mpamene ndinamukhulupirira, chifukwa wina akanangonena kuti chimbale chatha, kapena wailesi yatha, malinga ndi chimene ali nacho chogulitsa.

Iye anati zolakwa zilipo mbali zonse. Atatsegula wailesi anandionetsa kadiso kaja, kagalasi kochepa ngati njere ya mphodza, katachita mbuu ndi fumbi. Fumbi la ku Lilongwe la mwezi wa Okutobala mukulidziwa, limalowa ndi m'sutikesi yotseka yomwe. Kuwala kwa leza, kanyali kowerengera chimbale, kumachokera pansi pa kadisoko, kukagunda chimbale n'kubwerera, ndipo diso likada kapena leza ikakalamba, kukalika kochepa komwe kumalilepheretsa. Chinanso, chimbale chathucho n'chobena pa kompyuta, osati cha kufakitale, ndipo zobena sizibweza kuwala kwambiri, choncho makina otopa amayamba kukana zimenezi. Za galimoto anati mawailesi ambiri a m'galimoto amawerengeratu masekondi angapo n'kusunga, kuti akagunda bampu nyimbo isaduke. Kompyuta nayo pokopera imatha kubwerera pamalo ovuta kangapo, chifukwa palibe akuidikira kuti avine.

Tsopano zodandaula, poti zilipo. Anati ndibwere Lachinayi. Ndinafika Lachinayi, loko ali pachitseko, foni ikungoitana. Woyandikana naye, wogulitsa maloko ndi mahinjesi, anati wapita kukamangirira dishi kwa kasitomala. Ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera inapita choncho, ndi mitengo ya masiku anoyi. Loweruka ndinamupeza, anapepesa pang'ono chabe, maso ali pa foni ya munthu wina. Pokhala palibe, ndinakhala pa sipika yakufa. Lisiti musayembekezere, dzina lanu amalemba pa kapepala n'kumata pa katundu ndi selotepi.

Koma ntchito anaigwira. Kadiso anakapukuta ndi thonje ndi sipiriti, tinjanji timene kamayendapo anatidzoza girisi, leza anati ikadali ndi moyo ndiye palibe chifukwa chosinthira. Chimbale cha kwaya anachikopera pa laputopu, kundibenera chatsopano, n'kundiikiranso pa fulashi kuti ana asiye kundinena. Zonse pamodzi K9,000, ndipo sindinanenerere. Kunyumba chakale chija chikudumphabe kamodzi pa nyimbo yachinayi, pamene ndinakwecha ine. Chatsopanocho chikuimba mpaka kumapeto. Amene muli ndi wailesi yokana zimbale mupite, koma muyambe mwaimba foni musanakwere minibasi.

Ndinatenganso chimbale china cha malemu, chimene ankachikonda Lamulungu m'mawa akusita malaya. Kunsi kwake n'kosalala bwinobwino, koma chimaima pakati pa nyimbo yachiwiri m'makina alionse. Mnyamatayo anachitembenuza, n'kundionetsa pamwamba pamene bambowo analemba dzina lawo ndi bolopeni, mokanikiza monga ankalembera chilichonse. Anati nyimbo zimakhala pafupi ndi kumwambako, pansi pa utoto wopyapyala, osati kunsi kumene timasamala tonsefe. Anachikweza kuloza kukhomo, ndipo ndinaona dzuwa likudutsa m'timabowo motsatira zilembo zija.

"Ichi ndiye ayi, amayi. Ndingokudyerani ndalama."

Ndinachibwezera m'chikwama. Chili m'katoni muja, pamwamba pa zinzake.