Canon EOS 2000D: kamera yophunzirira kujambula kwa akuluakulu kuno ku Joni

Amalawi ambiri ofuna kuphunzira kujambula zithunzi kuno ku Joni si ana asukulu ayi. Ndi anthu ogwira ntchito m'nyumba, m'magalaja ndi m'mashopu, amene akufuna kuti Loweruka azijambula maukwati, zinkhoswe ndi zochitika za kutchalitchi n'kupezapo kangachepe. Sukulu yeniyeni ilipo, Market Photo Workshop ku Newtown, imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989 ndipo Zanele Muholi anaphunzirako. Koma kaya mupita kumeneko kaya muphunzira kwa mnzanu wodziwa, funso loyamba limakhala la kamera. Ambiri amathera pa Canon EOS 2000D, yomwe inatuluka mu 2018 ndipo imapezeka kawirikawiri m'mashopu a katundu wogwiritsidwa kale ntchito monga Cash Crusaders. Pophunzirira ndi yabwino ndithu. Pa ntchito za usiku ndi za vidiyo imafooka.

Ubwino wake kwa wophunzira wamkulu uli pa mabatani. Sikirini yake si yogwira ndi chala, choncho ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala), WB (mtundu wa kuwala) ndi AF (kulozetsa lenzi kuti chithunzi chioneke bwino) zili ndi mabatani ake olembedwa, ndipo pakapita masabata angapo chala chimafikapo chokha. Pali kanthu kena kakang'ono kamene aphunzitsi ambiri amaiwala: kagudumu kali pambali pa posuzumira, kogwirizanitsa posuzumirapo ndi maso a munthu. Munthu wazaka zopitirira 45 amene maso ayamba kumuvuta atembenuze kaye kagudumuko mpaka manambala a mkatimo awoneke bwinobwino. Akapanda kutero adzaimba mlandu lenzi yosalakwa.

Chosokoneza n'chakuti gudumu losinthira ndi limodzi lokha. Kamera ikakhala pa M, pamene mumasankha zonse nokha, gudumuli limasintha shutter, nthawi imene kamera imatseguka kulowetsa kuwala. Kuti musinthe aperture, kukula kwa bowo la lenzi lolowetsa kuwala (kolembedwa ndi f/), mumatsindika batani la Av uku mukutembenuza. Batani lomwelo pa P, Tv ndi Av, njira zimene kamera imasankha zina yokha, limawonjezera kapena kuchepetsa kuwala. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi njira ya Av, pamene inu mumasankha aperture ndipo kamera imasankha shutter, M n'kubwera pambuyo.

Pa khungu lathu m'pamene phunziro lenileni lagona. Kamera imayesa kuwala konse n'kukukokera pakatikati. Mkwatibwi wovala zoyera akadzadza chithunzi, kamera imaganiza kuti kwawala kwambiri, imadetsa zonse, nkhope n'kusowa. Pamenepo onjezerani +1. Mkwati wa suti yakuda amachititsa zosiyana, ndiye tsitsani pang'ono. Dzuwa la kuno nalo ndi laukali, poti mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Masana ISO 100, f/16 ndi 1/125 zimakwanira, koma mithunzi imagwera m'maso. Mulowetseni munthuyo pamthunzi wa khonde, nkhope iloze kumene kukuchokera kuwala. Zimenezi zimaposa chilichonse chimene mungakonze pa kompyuta.

Lenzi yobwera nayo, 18-55mm, imatsekeka mpaka f/5.6 mukaikokera pa 55mm. M'holo ya tchalitchi madzulo, shutter imatsikira cha pa 1/30, ndipo amayi ovina amatuluka ngati utsi. Kukweza ISO kupitirira 3200 kumadzadza chithunzi ndi timadontho. Mankhwala ake ndi lenzi ya EF 50mm f/1.8 STM, imene imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/5.6. Dziwani kokha kuti pa kamerayi imaona mopanikiza ngati 80mm, choncho m'chipinda chaching'ono cha lendi banja lonse silikwanamo. Malo olozera a AF pa kamerayi ndi 9 okha, ndipo mumdima lodalirika ndi lapakati; sankhani limenelo, mulozetse pa diso.

Pogula yakale, yang'anani pomangira fulashi pamwamba. Makamera ambiri a mtunduwu anatuluka opanda kachitsulo kozungulira ka pakati, ndipo mafulashi ena otchipa osakhala a Canon sayaka. Tengani fulashiyo mukayesere m'shopu momwemo. Yang'ananinso ngati lenzi yalembedwa IS, chifukwa ina ilibe choletsa kunjenjemera. Batire ya LP-E10 imajambula zithunzi pafupifupi 500 ndipo silowa moto kudzera pa USB, ndiye ndi magetsi othimathimawa gulani yachiwiri. Pobayira maikolofoni palibe, zomwe zimaitsekera kunja pa vidiyo ya ukwati. Ndipo mukamadutsa pa renki ya Bree kapena ya Noord, iikeni m'chikwama wamba, osati cholembedwa Canon.

Ku mbali yokonza zithunzi, jambulani RAW, mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona. Fayilo imodzi ya CR2, dzina la RAW pa kamerayi, ndi pafupifupi 30 MB, choncho khadi ya 32 GB imanyamula zithunzi cha m'ma 1,000. Pa mapulogalamu okonzera zithunzi, Lightroom ndi yolipira mwezi ndi mwezi, pomwe Digital Photo Professional ya Canon ndi yaulere, mumangolemba nambala ya kamera yanu pa intaneti. Ndi yochedwa pa laputopu yakale, koma mitundu imatuluka monga munaionera pa kamera, ndipo wophunzira sakhumudwa. Darktable nayo ndi yaulere, koma zosankha zake n'zambiri mosokoneza kwa woyamba kumene.

Tsiku loyamba pa kompyuta lisakhale lokongoletsa. Ena mwa ophunzirawa foni amaidziwa bwino koma mouse sanaigwirepo, ndiye ayambe ndi kupanga foda yolembedwa deti, monga 2025-03-15, kukopera zithunzi malo awiri, kenako kufufuta khadi m'kamera momwemo. Akatero akonze motsatana: mtundu wa kuwala, kuwala konse, malo oyera kwambiri, mithunzi, kenako kudula. Cholakwa chofala ndi kukoka saturation (mphamvu ya mitundu) mpaka nkhope kusanduka yofiirira ngati yodzola mankhwala, kapena kusalaza khungu mpaka munthu osadziwikanso kwa abale ake kumudzi.

Potulutsa, sankhani fayilo ya JPEG, ndipo pa dongosolo la mitundu musankhe sRGB. Chithunzi cha 6000 x 4000 chimalowa chonse pa pepala la jumbo la 10 x 15 cm popanda kudula mutu wa munthu, ndipo 1800 x 1200 ndi yokwanira kusindikiza kukula kumeneko. Potumizira kasitomala pa WhatsApp, tumizani ngati Document, apo ayi chifika chitafinyidwa ndipo akakachisindikiza ku Mangochi chidzatuluka chosaoneka bwino.