Ubweya wa m'makatoni ndaugwiritsa ntchito kudimba chaka chathunthu

Kampani yomwe imanditumizira katundu wofunika kufika ali wozizira inasiya kugwiritsa ntchito mabokosi oyera opepuka aja, amene amanyenyeka tizidutswa tomamatira paliponse. Masiku ano mkati mwa katoni amayalamo ubweya wa nkhosa wotsuka bwino, woupanikiza kukhala ngati kabulangete kokhuthala, n'kuuika m'pulasitiki yopyapyala. Pa ntchito yake yeniyeni ndilibe nawo mlandu, chifukwa katundu amandipeza ali zii, timapaketi ta madzi oundana tisanasungunuke n'komwe. Chomwe ndikulembera ndemangayi ndi kapepala kam'katonimo, komwe kamati ubweyawu mukhoza kuugwiritsanso ntchito kudimba. Mabulangetewa atandiunjikira pakona, ndinati ndiyese ndione ngati zili zoona.

Chinthu choyamba ndi kung'amba pulasitiki ija n'kuichotsa yonse, chifukwa siwola. Musanakwirire ubweya m'nthaka, tsinani kachidutswa mukawotche panja. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopserera, moto wake umazima wokha, ndipo umasiya kamakala kakuda kofumbutuka mukakatikita ndi zala. Ukasungunuka n'kuuma ngati kamkanda kolimba, dziwani kuti anasakanizamo ulusi wa pulasitiki, umenewo usapite m'nthaka. Wanga unali weniweni.

Kumene ndasangalala nawo kwambiri ndi pa nkhani ya madzi. Ndili ndi miphika ya maluwa yopachika yomwe nyengo yotentha inkafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo, ukangoiwala tsiku limodzi maluwa onse ali lende. Ndinayala ubweya mkati mwa mphika uliwonse, pansi ndi m'mbali, kenako n'kuthira dothi. Kuyambira pamenepo kuthirira kamodzi patsiku kumakwana, ndipo kukachita mitambo ndimadumphitsa tsiku osadandaula. Chifukwa chake n'chodziwika. Ulusi wa ubweya umamwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa m'manja, ndipo madzi ena amatsakamira m'mipata ya pakati pa ulusiwo n'kumabwerera m'dothi pang'onopang'ono. Nditazula duwa lina louma kumapeto kwa nyengo, ndinapeza timizu toyera titaloweratu mu ubweyamo, kulukanalukana moti sindinathe kuzilekanitsa. Ndinangoponya zonse pa kompositi.

Ndinayesanso kuyala bulangete lonyowa m'thireyi n'kusanjikapo timiphika ta mbande. Timiphikato timakoka madzi kuchokera pansi, ndiye sindithira pamwamba n'kugwetsa timbande tanthete. Ichi sindinachiyembekezere, koma ndicho ndikuchita kwambiri tsopano.

Kuphimbira mabedi ndi kumene kunandiphunzitsa phunziro. Ndinadula bulangete, n'kuboola pakati, n'kuveka tomato aliyense ngati kolala. Tsiku loyamba ndinathirira pamwamba pa ubweya wouma, madzi n'kumangoyenderera kumbali ngati pamsana pa bakha, nthaka yapansi ili gwa. Ubweya wouma umakana madzi poyamba, ndiwo chibadwa chake, paja nkhosa imaima pamvula osanyowa khungu. Ndiye muziyamba mwathirira nthaka mokwanira, muviike ubweyawo mu ndowa mpaka ukhute, kenako muyale. Musaugunditse ku tsinde, siyani mpata wa zala ziwiri kuti tsinde lisaole. Ndipo muutsindire ndi miyala kapena kuwazapo dothi pang'ono. Ine ndinachita ulesi, mphepo itawomba usiku ndinadzuka m'mawa n'kupeza zidutswa zitakodwa pampanda ngati wina wameta nkhosa pabwalo.

Ukakhazikika umagwira ntchito. Timaudzu tomera kuchokera ku njere sitibowola, ndipo ukakweza bulangete masana dzuwa lili phwee, pansi pake pamakhala pozizira ndi ponyowa, nyongolotsi zili yakaliyakali. Koma udzu woyanga ndi mizu suopa, umangotulukira pakati penipeni, ndipo kuuzula umabwera ndi ubweya womwe.

Tsopano pa nkhono. Kapepala kaja kamanena kuti ubweya umathamangitsa nkhono chifukwa umazikanda ndi kuziyamwa madzi a m'thupi. Apa ndiye ayi. Mausiku awiri oyamba, ubweya uli wouma, letesi wanga sanakhudzidwe ndipo ndinayamba kudzitama. Mvula itagwa, ndinatuluka ndi tochi n'kupeza nkhono zitatu zikuyenda pamwamba pa ubweyawo mosatekeseka, malovu awo akunyezimira pa ulusi. Nditakweza bulangete, zina zinali zitagona pansi pake, pamthunzi ndi pachinyezi, nditazimangira nyumba ndekha. Si ine ndekha amene ndaona zimenezi. Mu 2018 bungwe loona za ulimi wa m'madimba la Royal Horticultural Society ku Britain linayesa njira zisanu zomwe anthu amakhulupirira kuti zimatchinga nkhono pa letesi, kuphatikizapo timibulu ta ubweya, zikamba za mazira ndi tepi ya kopa, ndipo silinapeze kusiyana kulikonse ndi letesi wosatetezedwa. Kampaniyi ikanachita bwino kuchotsa mawu amenewo pakapepala kake, chifukwa akunyozetsa chinthu chabwino. Pa letesi ndinauchotsa, ndinausiya pa mbewu zikuluzikulu zomwe nkhono sizingazigonjetse.

Nyengo yozizira ndinakulunga miphika ya mbewu zosapirira chisanu, n'kumanga ndi chingwe. Mizu ya mumphika imazizidwa msanga kuposa ya m'nthaka chifukwa ilibe dothi lambiri loifunditsa. Zonse zinapulumuka, ngakhale miphikayo inkaoneka ngati agogo ofunda zigamba. Ubweya wogwa nawo mvula umalemera ndi kutsetsereka, ndiye mangani zolimba.

Pa nkhani ya manyowa, musathamange mtima. Ubweya ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga tsitsi ndi zikhadabo, ndipo muli nayitrojeni woposa 10 peresenti pamodzi ndi sulufule pang'ono, michere yomwe mbewu zimafuna kuti zikule. Koma keratin ndi wolimba, tizilombo ta m'nthaka timamugaya mochedwa kwambiri. Bulangete lomwe ndinaliponya lathunthu pa kompositi ndinalipeza patatha miyezi 6 likadali bulangete, langoda. Lomwe ndinalinyotsola tizidutswa n'kusakaniza ndi masamba ndi udzu wobiriwira linali litatsala pang'ono kutheratu pakutha kwa chaka. Ngati mbewu zanu zachita chikasu lero, ubweya suzipulumutsa sabata ino. Ndi chakudya cha chaka chamawa.

Fungo lilipo, ndisabise. Ukanyowa umanunkha khola kwa masiku angapo, ngakhale unatsukidwa. Ine silindivuta, koma galu wanga linamupengetsa, anafukula bedi lonse kufuna nkhosa yomwe yabisala pansi. Mbalame nazo zimazomola tiulusi kukamangira zisa, ndipo zimenezo ndimangoziyang'ana.

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Imodzi ndachotsa chifukwa cha bodza la nkhono lija, komanso pulasitiki yokutira yomwe imandisiyirabe chinyalala. Mabulangete atatu omwe afika mwezi uno ndawang'amba kale, awiri apita m'miphika yopachika, limodzi ndalisungira mbande.