Zotchinga za m'mbali mwa msewu: chitsulo kapena konkire?

Amene anatsikapo zitunda za Chiweta pa msewu wa M1 amadziwa kuti pakona chotchinga ndicho chimalekanitsa galimoto ndi phompho. Nkhani yagona pa kukonza chikagundidwa.

Chachitsulo anachipanga kuti chizipindika dala, chichepetse mphamvu ya ngozi. Ndiye chikagundidwa kamodzi, ntchito yayambapo. Kukandika pang'ono sikudetsa nkhawa. Koma chitsulo chikang'ambika, mabawuti akasowa polumikizira, kapena mizati ikapendama mpaka chitsulo kutsika, gawo limenelo lisinthidwe msanga, chifukwa nsonga yotulukira imatha kubaya galimoto ngati mkondo. Kuwongola ndi moto n'kudzinamiza, poti moto umapsereza zinki yoteteza dzimbiri. Ndipo tisabise, akuba amakonda mabawuti ndi zitsulozi.

Chakonkire sichibeka, nthawi zambiri chimangokandika basi. Choyang'ana ndi ming'alu yoonetsa zitsulo zamkati ndi mabowo a madzi otsekeka ndi matope. Kungoti kuchimanga n'kodula, komanso poti sichipindika, okwera amagwedezeka kwambiri. Komabe pakona pomwe phompho lili pafupi zedi, ine ndingaike konkire, chifukwa chitsulo chimafuna malo kumbuyo oti chipindikire.