Klezmer, nyimbo zamakedzana kapena za Celtic: chimbale chiti chokulunga pa Khirisimasi?

Ngati mwatopa ndi nyimbo zomwezomwezo zimene zimalira m'sitolo iliyonse kuyambira Novembala, koma mukufunabe kupatsa munthu chimbale, pali mitundu itatu yoyenera kuiganizira: klezmer ya Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, nyimbo zamakedzana za ku Ulaya zimene zinapekedwa isanafike 1750, ndi nyimbo za Celtic za ku Ireland, Scotland ndi Brittany (dera la ku France). Yonseyi imadalira mawu a munthu, nsambo ndi zitoliro. Kufanana kwathera pomwepo. Musanagule, ganizirani kumene chimbalecho chikalirire: pabalaza podzaza alendo, m'galimoto, kapena kuchipinda munthu ali phee payekha.

Klezmer ndi ya pabalaza. Inakulira pa maukwati m'matauni a Ayuda ku Poland, Ukraine, Romania ndi Lithuania, ndipo mpaka lero imamveka kuti ntchito yake ndi kudzutsa anthu pamipando. Kale wotsogolera anali vayolini, pambali pake pali tsimbl, kabokosi ka nsambo zambiri kofananako ndi bangwe, kungoti ako amakamenya ndi timitengo. Ayuda ambiri atasamukira ku America, clarinet, chitoliro chachitali chouzira ndi pakamwa, ndiye inalanda ufumu, ndipo imatha kuseka ndi kusisima mu mpweya umodzi. Apa muli ndi zosankha ziwiri. Zojambulidwa zakale za Naftule Brandwein ndi Dave Tarras, akatswiri a clarinet amene anajambula ku New York m'ma 1920, ndiwo muzu wake, koma zinachokera pa mbale zakale zija, nyimbo iliyonse ya mphindi zitatu, zikumveka kuti shwee pansi pake. Woyimba chida adzazikonda. Azakhali anu adzaganiza kuti sipika yawonongeka. Kwa munthu woyamba kumene, tengani In the Fiddler's House cha 1995, pamene Itzhak Perlman anayimba vayolini ndi magulu anayi a klezmer, kuphatikizapo The Klezmatics ndi Klezmer Conservatory Band. Mawu ake ndi oyera, ndipo ana sachedwa kuyamba kudumpha.

Kungoti musaitche nyimbo ya Khirisimasi. Chikondwerero cha Ayuda cha nyengoyi ndi Hanukkah, cha mausiku asanu ndi atatu, ndipo The Klezmatics ali ndi chimbale cha Hanukkah cha 2006 chokhala ndi mawu amene analemba Woody Guthrie, woyimba wa ku America. Amene muli ku Johannesburg ndipo mumagwira ntchito ndi Myuda, dziwani kuti makolo a Ayuda ambiri a ku South Africa anachokera ku Lithuania, ndiye mphatsoyi siikhala yachilendo kwenikweni.

Nyimbo zamakedzana ndiye ndimazikondera, ndinene poyera, ngakhale ndi zimene zimaphonya kawirikawiri. Chitsanzo ndi On Yoolis Night cha gulu la Anonymous 4, cha 1993: amayi anayi, popanda chida chilichonse, akuyimba nyimbo za Khirisimasi za ku England za zaka mazana ambiri zapitazo, m'Chilatini ndi Chingerezi chakale chimene ngakhale Mngelezi wa lero amachimva movutikira. M'galimoto chimamezedwa ndi injini. Paphwando wina adzafunsa ngati kwagwa zovuta. Koma mpatseni mphunzitsi wa kwaya, kapena munthu amene anadutsako ku seminale, mudzaona akubwezera malo amodzi kangapo kuti amve mmene mawu awiri akupanikizirana kenako n'kumasukana. Wakwaya amadziwa kuvuta kwa kugwira noti yaitali osatsetsereka popanda limba lokugwira dzanja.

Ambiri amathamangira Miserere ya Allegri imene The Tallis Scholars anajambula mu 1980, chifukwa cha soprano wokwera mpaka kudenga uja. Ndi yokoma ndithu, koma ndi Salimo 51, pemphero la kulapa la m'Sabata Loyera; pa Khirisimasi ili ngati yasochera nyengo. Ngati mukufuna zamakedzana zokhala ndi chisangalalo, Misa ya m'mawa wa Khirisimasi ya Praetorius imene Paul McCreesh ndi Gabrieli Consort anatulutsa mu 1994 ndiyo yake. Anaijambulira m'tchalitchi chachikulu cha Roskilde ku Denmark, muli malipenga, ng'oma, limba ndi mpingo wonse ukuyankha mokweza.

Pa mtundu uwu kabuku ka m'kati ndi theka la mphatso, chifukwa ndimo muli mawu a nyimbo ndi matanthauzo ake. Jordi Savall, katswiri wa nyimbo zamakedzana wa ku Spain, kudzera ku kampani yake ya Alia Vox, amafika potulutsa zimbale zina m'mabuku ochindikala achikuto cholimba. N'zokongola m'manja, koma n'zodula, ndipo zimalemera ngati mukuzitumiza kumudzi.

Za Celtic sizivuta, zimalowa paliponse. The Bells of Dublin cha The Chieftains, cha 1991, ndi chimbale cha Khirisimasi chenicheni: nyimbo za tchalitchi, zovina, ndi alendo monga Elvis Costello ndi Marianne Faithfull. Paddy Moloney, amene anayambitsa gululi mu 1962, amayimbamo uilleann pipes, zitoliro za thumba zimene sauzira ndi pakamwa koma amapopa ndi chigongono atakhala pansi, n'chifukwa chake zimamveka zofatsa kuposa zija za asilikali a ku Scotland. Wokonda mawu a munthu mungamugulire gulu la Altan la ku Donegal ku Ireland kapena Julie Fowlis, amene amayimba m'chi Gaelic cha ku Scotland. Msampha uli pa zimbale zotsika mtengo zolembedwa "Celtic" pachikuto, chithunzi cha phiri ndi nkhungu, m'kati muli kiyibodi yokhayokha. Tembenuzani chikutocho: ngati palibe mayina a oyimba ndi zida zawo, chibwezereni pa shelefu.

Pali china chimene chaima pakati: The Celtic Viol cha 2009, pamene Savall yemweyo amayimba nyimbo za ku Ireland ndi Scotland pa viola da gamba (chida chakale cha nsambo chofananako ndi vayolini), Andrew Lawrence-King akumuperekeza pa zeze. Kwa wokonda zamakedzana ndi khomo labwino lolowera ku Celtic. Kwa amene anazolowera zovina za m'mabala a ku Ireland, adzati zachita ulemu wambiri.

Munthu amene simukumudziwa bwino, mpatseni The Chieftains. Nyumba ya ana ndi alendo, Perlman. Anonymous 4 sungirani munthu amene munamuonapo akutseka maso kwaya ikuyimba. Ndipo fufuzani kaye mwakachetechete ngati ali ndi pomvetsera CD, chifukwa malaputopu ambiri ndi magalimoto atsopano alibenso polowetsa.