Kukonzetsa mphuno ku Sandton: dokotala ndi waluso, koma pa miyezi yodikira amakusiya wekha

Opaleshoni yanga yokonza mphuno ndinachitira pa chipatala china cha pulaiveti ku Sandton, kuno ku Johannesburg. Medical aid, inshuwalansi ya zachipatala, salipira opaleshoni yongofuna kukongola, ndiye ndalama zonse zinachoka m'thumba mwanga. Ndisanapereke kalikonse ndinayamba ndafufuza ngati dokotalayo ndi wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa, ndipo ndinapeza kuti alidi m'kaundula ngati katswiri wa maopaleshoni otere. Inunso musadumphe zimenezi.

Dokotalayo ndimamuyamikira ndi mtima wonse. Tsiku loyamba anatsina khungu la kunsonga kwa mphuno yanga n'kunena kuti, "Mayi, khungu lanu ndi lochindikala. Kutupa kwa kunsongaku kudzatenga chaka, mwinanso miyezi 18." Anafotokoza kuti ambiri a ife anthu akuda tili ndi khungu lotere, ndipo limachedwa kukhala bwino pa mafupa amene akonzedwa mkati. Kuti nsongayo iime, anatenga kafupa kofewa kuseri kwa khutu langa n'kukaika m'mphuno, kenako anachepetsa pang'ono m'mbali mwa mabowo. Zipsera za m'mbalimo pano simungazione pokhapokha mutandiyandikira kwambiri.

Masabata oyamba anayenda monga ananenera. Kachikhakha ka pamphuno anakachotsa patatha sabata, kuda kwa m'munsi mwa maso kunatha patatha masabata awiri. Kumina anandiletsa, kuyetsemula kunali kotsegula pakamwa, kugona kunali chagada pa mapilo awiri, ndipo magalasi anga owerengera ndinkachita kuwagwira ndi dzanja kuti asatsamire pamphuno. Manesi anali achifundo ndipo ankayimba foni kufunsa mmene ndagonera.

Dandaulo langa lili pa miyezi yotsatira. Kuyambira mwezi wachitatu mpaka wachisanu ndi chimodzi sanandipatse tsiku lililonse lokaonana ndi dokotala, chonsecho ndi nthawi imene mtima umasweka. Mabala apola, anthu akuyembekeza kuona mphuno yatsopano, koma nsonga ili yonenepa ngati mbatata, yolimba, yadzanzi moti ukaikhudza umangomva ngati ndi ya munthu wina. M'mawa inkatupa kwambiri, madzulo n'kuphwerako. Ndikadya usipa wouma kapena biltong (nyama youma yamchere), tsiku lotsatira mchere uja unkaonekera pankhope. Mng'ono wanga atandiona pa vidiyo anandifunsa mosabisa, "Achemwali, ndalama zonse zija zotsatira zake ndi zimenezi?" Usiku umenewo ndinalira.

Ndikatumiza zithunzi pa WhatsApp ya chipatala, yankho linkabwera mochedwa, ndipo linali lomwelomwelo: zili bwino, dikirani. N'zoona kuti zinali bwino, koma munthu amene akuda nkhawa amafunika kumuuza chifukwa chake. Chinanso, chithunzi cha pakompyuta chimene anandisindikizira tsiku loyamba, chosonyeza mphuno yomalizidwa, ndikuona kuti sayenera kumapatsa anthu kuti apite nacho kunyumba. Ndinkachiika pambali pa kalilole tsiku lililonse, ndipo chinandisowetsa mtendere kuposa kutupa kwenikweniko.

Nditaumirira, anandipezera malo. Dokotala anapapasa pamwamba pa nsonga, n'kunena kuti minofu ya chipsera yaunjikana mkati. Anabaya jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, pang'ono pokha, n'kuchenjeza kuti akachuluka amaondetsa khungu n'kusiya malo otuwa. Anandiphunzitsanso kumata tepi pamphuno pogona. Nditafunsa zobwereza opaleshoni anakana kwamtuwagalu, ati palibe dokotala wanzeru amene angatsegulenso mphuno chaka chisanakwane, chifukwa angakhale akudula kutupa komwe kukanatha kokha. Apa ndi pomwe ndinamukhulupirira kwambiri, poti akanavomera ndiye kuti ndalama zina zikanalowa kwa iye.

Pano chaka chadutsa. Mphuno yaphwa, nsonga yaoneka, dzanzi latsala pang'ono chabe, ndipo ndimapuma bwinobwino mabowo onse awiri. Siinafanane ndendende ndi chithunzi chija, mbali ya kumanzere idakali yodzadzako, koma ndikukhutira nayo. Dokotalayu ndingamutumizire mnzanga. Kungoti musanalipire, auzeni akulembereni masiku onse odzakuonani mpaka mwezi wa 12, ndipo mufunse ngati jakisoni ndi maulendo amenewo zili kale pa mtengo umene akutchulawo.